Alamu anga ndi injini ya 40

Mwezi watha ndinaitanidwa kutsidya, kwa Nyachikadza, kukaweruza mlandu umene sindinauyembekezere. Sunali wa malire a munda kapena wa mbuzi yodya mmera. Alamu anga, mchimwene wawo wa mayi a kunyumba, abwerako ku Joni patatha zaka zinayi ali ndi kangachepe m'thumba, ndipo akufuna kugula injini yomangirira kumbuyo kwa boti lawo la matabwa. Munthu wina wa ku Mangochi anawatumizira chithunzi pa WhatsApp: Yamaha ya mahosipawa 40, yogwirapo kale ntchito panyanja, mtengo wake wonyengerera. Apongozi anga anakana kwamtuwagalu, ati chitsulo chimenecho chidzawaphera mwana. Poti ine ndimaphunzitsa sayansi, banja linagwirizana kuti ndiwoloke ndikanene chilungamo.

Kwa inu akumtunda amene simunafikeko, dera la mfumu yaikulu Nyachikadza lili m'boma la Nsanje, m'dambo la Ndindi, kuchita malire ndi Mozambique. Kumeneko galimoto ndi bwato, limene anzathu a Chisena amati mwadiya. Mbatata ndi nyemba zopita kumsika, mayi woyembekezera wopita kuchipatala, ana anga ena a Fomu 1 obwerera kusukulu tchuthi ikatha, ngakhale maliro, zonse zimadutsa pamadzi. Madzi osefukira a 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anapeza anthu komweko. Boma lakhala likuwauza kuti asamukire kumtunda, iwo nabwerera chifukwa nthaka imene madzi amasiya imabereka popanda feteleza. Mkangano umenewo tidzaukamba tsiku lina. Lero ndi za injini.

Ndinapempha kuti tiyambe taliona botilo tisanayambe kukangana. Ndinatenga tepi ya kusukulu. Mulitali ndi mamita 7, mulifupi ndi mita imodzi ndi pang'ono. Thabwa la kumbuyo, pamene injini imakoledwa, ndi lotalika masentimita 40 kuchokera pamwamba kufika pansi pa boti. Alamu amaligwiritsa ntchito potchera maukonde ndi miono, kugwira mlamba ndi mphende, nthawi zina kukasaka abakha a m'madzi, ndipo akufuna kuti tsopano aziwolotsanso anthu pamtengo.

"Alamu," anatero iwo, "inu mumadziwa za m'mabuku, koma Shire ikadzaza simunaipalasepo. Madzi a mu Febuluwale amakoka ngati ng'ombe. Kainjini kakang'ono kakandisiya pakati pa mtsinje."

Mfundoyi ndi yoona ndipo sindinaitsutse. Boti lopita kumtunda kwa mtsinje wodzaza liyenera kuthamanga kuposa madziwo, apo ayi lizingoima pamodzimodzi likumwa petulo. N'chifukwa chake sindinawauze kuti agule tinjini ta mahosipawa awiri kapena anayi. Koma pakati pa 4 ndi 40 pali mtunda.

Tinayamba ndi kulemera. Injini ya 40 ya mtundu umene asodzi a kunyanja amaukonda imalemera makilogalamu opitirira 70. Ya 15 siifika 40. Ndinawauza alamu kuti awonjezerepo thupi lawo, poti woyendetsa amakhala pompo atagwira chiwongolero, ndi thanki yodzaza petulo. Zonse pamodzi ndi ngati matumba atatu a chimanga ounjikidwa kunsonga ya boti. Sanakhulupirire, ndiye tinabwereka matumba atatu kwa apongozi n'kuwasanja kumbuyoko. Mutu wa boti unadzuka, kumbuyo kunamira mpaka madzi anatsala kachikhatho kamodzi kuti alowe. Ana amene anatizungulira anaseka. Alamu sanaseke.

Komatu apo botilo linangoima. Injini yamphamvu ukaikoka moto, pulopela imakankha madzi ndipo kumbuyo kumatitimira kuposa pamenepo. Choopsa chenicheni chimabwera poima. Ukaona chitsa kapena mutu wa mvuu n'kuchepetsa moto mwadzidzidzi, funde limene boti lako lomwe lapanga limakutsatira n'kudzakwera pathabwa la kumbuyo. Boti lopapatiza ngati la alamu likamakhota lili paliwiro silichedwa kupendekeka. Tonse kuno tikukumbukira za mu Meyi 2023, pamene mvuu inagubuduza bwato lonyamula anthu 37 pa Shire m'boma lathu lomwe lino, anthu oposa 20 n'kusowa. Mvuu sitingailamule. Koma kuchuluka kwa katundu ndi kutalika kwa mbali ya boti imene yatsala pamwamba pa madzi zili m'manja mwathu.

Chimene chinavuta kufotokoza ndi liwiro, poti aliyense amaganiza ngati za njinga yamoto: injini yaikulu, liwiro lalikulu. Pamadzi sizitero nthawi zonse. Maboti opepuka a pulasitiki, ngati aja amabwera nawo asilikali ndi opulumutsa anthu madzi akasefukira, amadzuka n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi, ndipo amenewo mphamvu yowonjezera imawathandizadi. Boti la matabwa lodzaza anthu ndi matumba silidzuka. Limalima madzi ngati pulawo, ndipo liwiro lake limadalira kwambiri utali wake. La mamita 7 likafika cha m'ma kilomita 12 pa ola, mphamvu iliyonse yowonjezera imathera kukumba dzenje kumbuyo ndi kuutsa mafunde. Mafundewo ndi amene amakagubuduza mwadiya wa agogo amene akuwedza chete m'mbali mwa bango, ndi kugumula gombe la dimba la mnzako.

Kenako tinalemba masamu pamchenga. Ya 40 ukaitsegula moto wonse imamwa malita oyandikira 20 pa ola. Ya 15 imamwa pafupifupi 7, ndipo ukaiyendetsa pakatikati imachepera apo. Kwa Nyachikadza kulibe pampu ya mafuta. Petulo amabwera m'zigubu, pamtengo wa wogulitsayo, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023 tonse tikudziwa mmene mafuta akhala akusowera. Ndinawafunsa alamu kuti awerenge anthu angati ayenera kuwolotsa kuti abweze malita 20. Anawerenga, anafufuta ndi phazi, anawerenganso. Nambala imene inatuluka inali yoposa anthu amene botilo linganyamule bwinobwino. Apa ndi pamene pagona ngozi zambiri za pamadzi: mwini boti si munthu woipa mtima, koma injini yake ndi yadyera, ndiye kuti apeze ya mafuta amakweza anthu asanu owonjezera.

Pali china chimene wogulitsa wa ku Mangochi sanatchule, mwina poti sanafunsidwe. Injini zimenezi zili ndi miyendo iwiri yosiyana. Waufupi ndi wa thabwa la masentimita pafupifupi 38, wautali ndi wa pafupifupi 51. Kachitsulo kophwatalala kamene kali pamwamba pa pulopela kayenera kulingana ndi pansi pa boti. Kakakwera kwambiri, pulopela imameza mpweya n'kumangolira osakankha. Kakatsika kwambiri, mwendo umakoka madzi pachabe n'kumagunda pansi. Panyanja, pamene pali pakuya ndi mafunde a mwera, mwendo wautali ndi wabwino. Kwathu kuno mu Okutobala pali malo amene madzi amalekeza m'mawondo, ndipo mchenga umasuntha chaka ndi chaka. Pachithunzi chija zinaonekeratu kuti ya 40 ija ndi ya mwendo wautali.

Mchengawo uli ndi mlandu winanso. Injini yotere imadziziziritsa ndi madzi a mumtsinje omwewo, amene kampira kozungulira kamapopa kuchokera kumunsi kwa mwendo. Mchenga umadya kampirako, namasupuni ndi mapepala a pulasitiki zimatseka timabowo tolowera madzi. Kumbuyo kwa injini kumatuluka kamtsinje kakang'ono ngati mwana akukodza. Kakasiya, zimitsani pompo, musati ndifike kaye kugombe. Ndipo poti injinizi n'zosakaniza petulo ndi oyilo, muyezo wake si wongoganizira. Pa zambiri za mtundu umenewu ndi theka la lita ya oyilo wake weniweni pa malita 25 a petulo, koma onani buku la injini yanuyo. Oyilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto amene ena amathira amaipha msanga.

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanafuna amisiri athu aone zimene anzathu a ku Thailand ndi Vietnam amachita m'madambo ofanana ndi athuwa. Amatenga injini wamba yozizira ndi mphepo, yonga ya mapampu othiririra m'dimba, n'kuilumikiza ku chitsulo chachitali chokhala ndi pulopela kunsonga. Pakakhala posaya kapena paudzu amangotukula chitsulocho. Makaniko aliyense wa pa Nsanje boma kapena pa Bangula angaikonze. Alamu anaonera kanema wake pafoni yanga n'kunena kuti anthu angawaseke. Ndinazisiya.

Za kusaka abakha sitinatayepo nthawi. Phokoso la injini limathamangitsa mbalame ndi nsomba zomwe, ndiye ikafika pamalo amazimitsa n'kutenga nkhafi ndi mtengo wokankhira monga kale. Chilolezo chosakira ndi kulembetsa boti lonyamula anthu ku dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi ndinawakumbutsa, iwo anayang'ana kumbali.

Dzuwa litapendeka apongozi anabweretsa nsima ya mlamba wowamba, ndipo anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga mwana wanga akagwera m'madzi, chinthucho chimaima chokha?" Ndinawauza za kachingwe kofiira kamene woyendetsa amamanga padzanja. Akagwa, kachingweko kamasolola kachotsekera ndipo injini imazima. Ambiri amakachotsa n'kumangapo waya, ati kamasowetsa mtendere. Mayiwo anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali osanena kanthu.

Alamu anapita ku Mangochi sabata yotsatira atanyamula kamtengo kamene tinadula molingana ndi thabwa la kumbuyo kwa boti lawo. Ya 40 anaisiya. Anapeza ya 15, koma nayonso ya mwendo wautali, poti ya waufupi inasowa. Anandiimbira ali pomwepo, ndipo tinagwirizana kuti agule, mmisiri adzakweze thabwa la kumbuyo ndi masentimita 11 n'kulilimbitsa ndi mabawuti, osati misomali. Asanapereke ndalama anailiza mumgolo wa madzi kwa theka la ola, kamtsinje kaja kakutuluka bwinobwino.

Ndalama yotsala inagula zigubu ziwiri, mapulagi apadera, kampira kena kosungira, ndi majekete oyandamitsa asanu ndi limodzi. Lolemba lapitali mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anandiuza kuti anawoloka pa boti la alamu, ndipo kuti anafika msanga moti anapeza belu lisanalire. Nditamufunsa kuti munali anthu angati, anawerenga zala n'kuti khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo njinga ziwiri. Loweruka likubwerali ndikuwolokanso, ndipo ulendo uno ndikukayankhula ndi apongozi kaye.