Khoma la ku Brewster Place

Pali anthu amene akangomva kuti buku ndi la amayi okhala moyandikana m'mavuto, amaliika pambali, ati mudzadza misozi ndi kukumbatirana basi. Oterowo ndikanakonda atawerengako The Women of Brewster Place, buku loyamba la Gloria Naylor, mayi wachikuda wobadwira ku New York. Linatuluka mu 1982, ndipo chaka chotsatira linapata mphotho ya National Book Award.

Brewster Place ndi kamsewu ka amphawi komwe kumathero kwake anatsekako ndi khoma la njerwa. Amayi asanu ndi awiri a m'bukumu aliyense ali ndi chilonda chake. Mattie Michael anafikako atataya nyumba. Anaiika chikole kuti mwana wake Basil atuluke pa belo, mnyamatayo n'kuthawa. Ndiye pamene akuthamangira kukazimira mnzake ndevu, zake nazo zili zikufuka utsi.

Mnzakeyo ndi Ciel. Tsiku lina akukangana ndi mwamuna wake, amene akulongedza katundu kuti amusiye, kamwana kawo Serena kakuthamangitsa mphemvu. Mphemvu yalowa m'soketi yamagetsi, kamwanako kaitsata ndi foloko. Maliro atatha, Ciel sakudya, sakulira, wangogona kudikira imfa. Mattie sakumuuza kuti alimbe mtima. Akumufungatira ngati khanda, kumugwedeza uku ndi uku mpaka kubuula kutuluka, mpaka kusanza. Kenako akumusambitsa m'bafa, kumupukuta, kumuyalira nsalu zoyera. Apo m'pamene misozi ikubwera. Amene anagonako m'nyumba ya siwa sangadabwe nazo: mayi amene amathandizadi wofedwa nthawi zambiri ndi uja wosalankhula, wongobwera ndi madzi ofunda ndi phala.

Naylor akanalekera pamenepo, bwenzi ndikugwirizana nawo pang'ono onyoza aja. Koma msewu womwewo, umene unadzutsa Ciel, unakana Lorraine ndi Theresa, atsikana awiri okhalira limodzi ngati banja. Makatani ankasuntha akamadutsa, moni ankayankhidwa theka, ndipo mayi wina, Sophie, miseche inali ntchito yake. Lorraine anapeza womumvera m'modzi yekha, Ben, mkulu wokonda mowa wosamalira nyumbazo. Anyamata a m'deralo atamugwirira Lorraine m'kanjira ka pafupi ndi khoma lija, mutu unamusokonekera, ndipo m'mawa mwake iye anapha Ben yemweyo ndi njerwa. Gawo limeneli ndi lowawa kuwerenga, ndipo ine ndimaliona kuti ndiye msana wa buku lonse, chifukwa likuonetsa kuti chifundo cha anansi chimasankha khomo logogoda.

Kumapeto, amayi onse akuzula njerwa za khomalo ndi manja mvula ikugwa, kupatsirana imodziimodzi. Oprah Winfrey anasewera ngati Mattie pa kanema mu 1989, ndipo ambiri amakumbukira chithunzi chimenechi. M'buku, zonsezo ndi maloto a Mattie. Pamene akudzuka, khoma likadali chiimire.