Dzalanyama wa timadontho

Kukacha bwino kuno ku Mpingu, mapiri a Dzalanyama amaoneka chakumwera ngati utsi wabuluu. Ana athu akafuna kuwajambula ndi penti wamafuta, tiwayesetse njira ya Georges Seurat, Mfalansa wa m'ma 1880. M'malo mopaka, tidontheze timadontho tobiriwira, tachikasu ndi tabuluu moyandikana. Munthu akaima patali, maso ake amasakaniza okha. Phiri lakutali limafuna buluu wambiri, munda wapafupi umafuna kufiira kwa katondo.

Pentiyu amatenga masiku kuti aume, ndiye tisapupulume. Fungo la thina limapweteketsa mutu: tijambulire pakhonde, botolo likhale posafikira makanda.

Pamene owotcha makala adameta nkhalango, tisanamize mwana ndi zobiriwira. Adonthezepo zofiira.