Kutchulidwa kokha si muyeso wa kafukufuku wa ana

Mabungwe a madokotala a ana ayamba kudziyeza ndi chiwerengero cha kafukufuku amene mamembala awo asindikiza, komanso kangati ofufuza ena awatchula m'zolemba zawo.

Kuwerengera kotere kuli ndi phindu lake, pakuti kafukufuku amene palibe womutchula kawirikawiri amakhala kuti sanawerengedwe. Koma muyesowu ndi wokondera. Magazini otchuka a zachipatala amasindikiza m'Chingerezi, ambiri amalipiritsa wolemba madola zikwi zingapo kuti nkhani yake iwerengedwe mwaulere, ndipo otchulana kwambiri ndi ofufuza a m'mayiko olemera. Dokotala wa kuchipatala chakumudzi amene walemba mmene wodi yake yachepetsera imfa za makanda obadwa masiku asanakwane angatchulidwe mwa apo ndi apo, chikhalirecho ntchito yake yapulumutsa miyoyo. Ena akuti popanda manambalawa bungwe silingapeze ndalama. N'zoona, ndipo vuto lagona pomwepo: opereka thandizo amafuna manambala, mayunivesite amakweza anthu pantchito potengera manambala omwewo, mabungwe nkumangovomera. Anamwino ndi madokotala amene anatenga magazi ndi kulemba za odwala mayina awo amakankhidwira pakati pa mndandanda wa olemba kafukufuku, ena osalembedwa n'komwe.

Chibayo, kutsekula m'mimba ndi malungo zikupitirira kupha ana osakwana zaka 5. Tiyenera kuumirira kuti lipoti lililonse la bungwe lizionetsanso kafukufuku amene wasintha kachiritsidwe m'mawodi, ndiponso kuti amene anagwira ntchito pafupi ndi mwana wodwalayo dzina lake lizikhala patsogolo.