Hakeem sanabweleke chikho kwa Jordan

Pali mau amene samasowa pa mkangano wa basketball, kaya ni pa court ya kukomboni, mu minibasi olo m'magulu a WhatsApp. Ukangotchula Hakeem Olajuwon, wina amadumphila msanga: "Uja anawina chabe chifukwa Jordan anapita kukasewela baseball." Akakamba choncho amaona ngati watseka nkhani. Ife tikuti ni bodza, ndipo bodza limeneli likubela mwana wa ku Lagos ulemu umene anaukhetsela thukuta zaka 18 mu NBA.

Tiyambile pa 1995, chifukwa m'pamene bodza limagwila. Michael Jordan analeka basketball mu October 1993. Mu March 1995 anabwelela ku Chicago Bulls, ndipo ma playoffs a chaka chimenecho anasewela. Mu raundi yachiwili Bulls inakumana na Orlando Magic ya Shaquille O'Neal na Penny Hardaway. Jordan anali kugoletsa mapointi opitilila 30 pa gemu, koma Chicago inachotsedwa 4-2. Orlando yomweyo inafika mu fainolo, inapeza Houston Rockets ya Hakeem, n'kumenyedwa 4-0. Pa magemu onse anayi Hakeem anapitilila mapointi 30. Manje tiuzeni: munthu amene analipo, anavala jezi, anachotsedwa, mukuti kunalibe bwanji?

Ena adzati Jordan anali asanabwelele bwino m'thupi, popeza anasewela magemu 17 chabe ma playoffs asanayambe. N'zoona. Koma iyo ni nkhani ya Chicago. Onani njila imene Houston inadutsa. Inalowa ma playoffs ili pa nambala 6 ku West, choncho raundi iliyonse inali kuyambila kwa eni ake. Inachotsa Utah Jazz ya Karl Malone na John Stockton, timu imene inawina magemu 60 sizoni imeneyo. Inachotsa Phoenix Suns ya Charles Barkley, ya magemu 59, itatsalila kale 3-1. Inachotsa San Antonio Spurs, ya magemu 62, imene inali na David Robinson atangosankhidwa MVP. Pa mpikisano umenewo Hakeem anali kugoletsa 35 pa gemu, Robinson pafupifupi 24. Kufikila lelo palibe timu ina imene inatenga chikho itayambila pansi choncho.

Maina amenewa mwaazindikila? Barkley ni amene Jordan anagonjetsa mu fainolo ya 1993. Malone na Stockton ni amene anawagonjetsa mu 1997 na 1998. Jordan akawamenya, ati ni ukatswili wosaoneka kale. Hakeem akamenya anthu omwewo, atatu onse m'milungu yochepa, ati ni mwayi. Sikelo yotele yapendekeka.

Chikho cha 1994 ndiye chimene Jordan kunalibedi. Koma ligi sinatseke. Bulls ya Scottie Pippen inawina magemu 55 popanda iye, ndipo amene anaichotsa ni New York Knicks ya Patrick Ewing na kochi Pat Riley. Knicks imeneyo ndiyo inakumana na Houston mu fainolo. Chaka chimenecho pa timu yonse ya Rockets, amene anasankhidwa All-Star anali Hakeem yekha. Anzake anali Otis Thorpe, Vernon Maxwell, Kenny Smith, Robert Horry na Sam Cassell, osewela olimba koma opanda dzina ngati la Pippen. Houston inatsalila 3-2. Pa gemu ya 6, masekondi otsiliza, John Starks anaponya mpila wa mapointi atatu umene ukanapeleka chikho kwa New York. Hakeem anaudumphila n'kuukhudza na zala, ndipo unaphonya. Houston inawina 86-84, kenako inatenganso gemu ya 7. Sizoni imeneyo Hakeem anatenga MVP wa ligi, mphoto ya wotchinga bwino koposa na MVP wa fainolo. Palibe wina amene anatengapo zitatuzo chaka chimodzi, olo Jordan amene.

Ngati lamulo n'lakuti chikho sichiwelengedwa katswili wina akasowa, tiyeni tiligwilitse nchito kwa onse. Magic Johnson analeka mu November 1991 atapezeka na HIV, atangosewela fainolo na Bulls miyezi yochepa m'mbuyomo. Larry Bird analeka mu 1992 chifukwa cha msana. Munamvapo munthu akuti zikho za Jordan za 1992 na 1993 n'zobweleka chifukwa Magic kunalibe? Palibe, ndipo n'zoyenela, chifukwa munthu amamenya amene waima patsogolo pake. Lamulo lija limatuluka m'thumba pokhapokha akatchulidwa Hakeem.

Kumbukilani kumene munthuyu anachokela. Anabadwa mu 1963 ku Lagos, makolo ake anali ogulitsa simenti. Ali mwana anali golokipa wa mpila wa miyendo, anali kusewelanso handball. Basketball anaigwila ali kale mnyamata wa ku sekondale, pa msinkhu umene anzake a ku America anali atasewela kale zaka zambili. Anapita ku University of Houston, n'kumaphunzila pomenyana na Moses Malone nthawi ya holide. Mu 1984 pa draft ya NBA anatengedwa woyamba, Sam Bowie wachiwili, Jordan wachitatu. Kufikila lelo anthu amaseka Portland posankha Bowie n'kusiya Jordan. Houston siisekedwa, chifukwa aliyense wodziwa mpila adziwa chimene inapeza.

Miyendo ya golokipa ija ndiyo inabala Dream Shake: kunamiza kumanja, kuzungulila kumanzele, kukwezela mpila m'mwamba mpaka womutchinga adumphe pachabe, ndiyeno kuponya mosavuta. Ku mbali yotchinga, mipila imene anaibweza ni 3,830, ndipo palibe amene anafikapo kuchokela pamene NBA inayamba kuwelenga. Kulanda mipila anapitilila 2,000, nchito imene nthawi zambili imachitidwa na osewela aafupi othamanga. Mu 2022 NBA inatcha chikho cha wotchinga bwino koposa dzina lake. Kobe Bryant anapita kwa iye mu 2009 kukaphunzila kaimidwe ka miyendo, LeBron James anapita mu 2011. Akatswili otele sangataye holide yao kukaphunzila kwa munthu wa mwayi.

Nanga bodza lija likhalilanji? Yang'anani kumapazi. Kuyambila 1985 Nike yakhala ikugulitsa Air Jordan, ndipo pamodzi na nsapato imagulitsa nthano: mfumu imodzi, ena onse ongodutsa. Mu 2020 The Last Dance inabwela na zigawo 10 kukamba mbili ya zaka za m'ma 1990 kuchokela ku mbali ya Chicago. Ambili a ife tinabadwa pambuyo pa 1995, ndipo zaka zimenezo zimatifika kudzela m'tumavidiyo twa pafoni na chizindikilo cha Jumpman chimene chili mbwee pa salaula. Hakeem anapita njila ina. Mu 1995, ali pamwamba penipeni, anaika dzina lake pa nsapato za Spalding za madola pafupifupi 35, zogulitsidwa m'mashopu a anthu wamba, pamene za Jordan zinali kupitilila madola 100. Anafuna kuti kholo lovutika likwanitse kugulila ana. Nsapato zotchipa sizilipila otsatsa malonda zaka 30 kuti azikumbutsa dziko dzina lako. Amene anaganizila thumba la anthu ngati ife ndiye amene ena pakati pathu akumupeputsa, atavala nsapato za mnzake.

Pali amene amati Hakeem si wathu chifukwa anatenga unzika wa America mu 1993 n'kuiwinila golide ku Olympics ya Atlanta mu 1996. Iyo ni nkhani yoyenela mkangano wake, ndipo tingaikambe tsiku lina. Koma siisintha zimene zinachitika pa court. Iye ndiye woyamba wobadwila kunja kwa America kukhala MVP wa NBA. Joel Embiid wa ku Cameroon, amenenso anayamba mochedwa, anaphunzila poonelela mavidiyo ake. Mwana wa muno mu Africa akamva kuti olo ufike pamwamba kawili motsatizana anthu adzati unangopeza mpando wopanda mwini, timuphunzitsa chiyani?

Sitikukamba kuti Hakeem aposa Jordan. Zikho 6 ni zikho 6, ndipo Jordan safunika bodza kuti akhale wamkulu. Chimene tikukana ni kuchepetsa munthu wina kuti nthano ya kampani ikhale yosalala. Zikho za 1994 na 1995 n'za Houston, zinatengedwa m'manja mwa Ewing, Malone, Barkley, Robinson na Shaq. Magemu a Rockets na Spurs a 1995 ali pa YouTube, bundle yochepa ikwana. Kaoneni mmene MVP wa chaka chimenecho anali kudumphila mphepo. Ndipo wina akadzayambanso nkhani ya baseball, mufunseni funso limodzi chabe: anachotsa Jordan mu 1995 n'ndani, nanga timu imeneyo inathela kuti?