Kamba wa asilikali ndi wolemera pa phiri

Mnzanga wina wa m'kalasi wakhala akuonera mavidiyo pa YouTube a anthu akutsegula mapaketi a chakudya cha asilikali a ku America, chija amati MRE. Tsopano akuti tikamakakwera Sapitwa pa tchuthi tidzanyamule chimenecho. Ine ndakana, ngakhale ndikumvetsa chomwe chamukopa.

Chinthucho anachiganizira ndithu. Paketi imodzi ndi chakudya chophikaphika cha nthawi imodzi, cha makalori pafupifupi 1,250, ndipo mkatimo mumakhala kathumba ka magnesium komwe ukathiramo timadzi kamatentha n'kufunditsa chakudyacho popanda moto. Kwa msilikali amene sangakoleze moto poopa kuonedwa ndi adani, palibe chabwino kuposa apa.

Koma chakudya chophikaphika chimakhala ndi madzi ake, n'chifukwa chake paketi imodzi imalemera kuposa theka la kilogalamu. Masiku atatu, kudya katatu pa tsiku, ndiye kuti makilogalamu oposa anayi kumsana. Ndipotu ku Mulanje, komwe timitsinje tili ponseponse ndipo nyumba zogona za pa phiri monga Chisepo zili ndi pophikira! Mpunga, usipa wouma, mtedza wokazinga ndi chiponde n'zopepuka, ndipo mtengo wake wophunzira angaukwanitse.

Ena amati chakudyachi n'chabwino kusungira nthawi ya ngozi chifukwa chimatha zaka zitatu. Zaka zitatuzo n'za malo osapitirira madigiri 27. Pa madigiri 38 chimangotha miyezi isanu ndi umodzi. Taganizirani nyumba ya malata ku Nsanje mwezi wa Okutobala. Komanso makatoni a asilikaliwo amalembedwa kuti kuwagulitsa n'koletsedwa, choncho amene mwawapeza pa intaneti simungadziwe kuti anakhala nthawi yaitali bwanji padzuwa.

Pamene mnzangayu akundiposa ndi pa nkhani ya moto. Namondwe wa Freddy atagunda Blantyre mu Malichi 2023, magetsi anazima, makala ndi nkhuni zinanyowa. Thumba la ufa silithandiza ngati palibe chophikira, ndipo ambirife tikamati tasunga chakudya timanena ufa basi. Choncho m'chidebe chotsekeka bwino ndaikamo mtedza wokazinga, chiponde, mabisiketi, nsomba za m'chitini, shuga ndi botolo la Waterguard, zoti zindifikitse masiku atatu osayatsa mbaula. Teremu ikatha ndimadya zonsezo n'kugula zina. Vuto lokhalo n'lakuti anzanga a m'chipinda adziwa pomwe chidebecho chimakhala.