Si Kachilombo Kalikonse Kamene Kali Mdani

Pa tchuthi chapitachi ndinkathandiza agogo anga kukumba mtedza kumudzi kwathu, kufupi ndi Senga Bay m'boma la Salima. Atazula phata limodzi anandionetsa timibulu tomwe tinali pa mizu, nati, "Mwanawe, nthaka yadwala." Ndinaswa kamodzi ndi chikhadabo, m'kati munali mofiirira. Ndinawauza kuti mmenemo mumakhala tizilombo tothandiza mbewu. Agogo anaseka chikhakhali: "Kachilombo n'kuthandiza munthu?"

Sindingawanene agogowo. Mawu akuti "tizilombo" timawamva pa nkhani za matenda okhaokha. Kolera itavuta mu 2022 ndi 2023, wailesi inkatichenjeza za tizilombo ta m'madzi. Wodwala Edzi timati ali ndi kachilombo. Tsinde la mawuwa nalonso ndi "chilombo", nyama yolusa ya kutchire.

Komatu mabakiteriya otchedwa rhizobium, amene amakhala m'timibuluto, ndi antchito osalipidwa. Amatenga nayitrojeni mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu, ndipo nayitrojeniyo ndi yemweyo timamugula modula m'thumba la urea. Amagwira ntchitoyi pa mtedza, nandolo, khobwe ndi soya. N'chifukwa chake chimanga chimakondwa m'munda momwe munali mtedza. Akatswiri a ku Chitedze akhala akuweta mabakiteriyawa kuti mlimi asakanize ndi mbewu ya soya asanabzale. Ngakhale ku Kashmir, kumene amalima saffron, chokometsera chakudya chodula kwambiri, ofufuza anapeza kuti mabakiteriya a mtundu wa Bacillus amathandiza mbewuyo kukula.

Tsono taganizani mlangizi akuuza mlimi kuti apake tizilombo pa mbewu yake. Ndani angavomere msanga? Apa vuto si umbuli wa mlimi ayi, koma mawu amene tamupatsa. Mawu amodzi sangasenze kolera ndi chonde nthawi imodzi.

Ine ndikuti ntchito imeneyi ndi yathu, ife ophunzira ziyankhulo. Tikhale pansi ndi alangizi komanso a Centre for Language Studies ku Zomba, tisiyanitse mdani ndi bwenzi. Oyambitsa matenda akhalebe tizilombo, koma a m'mizuwa tiwatche "tizamoyo ta chonde". Ena adzati sayansi sisintha ndi dzina. N'zoona, koma amene amasankha chobzala ndi mlimi, ndipo iye amayamba wamva dzina.

Madzulo ake ndinawayesa agogo ndi mawu atsopanowa. Sanaseke. Anangofunsa ngati chaka chamawa abzale chimanga pamalo pomwepo.