Chilimira Amasoka, Nanga Njinga Yamoto?

Ku Chembe msodzi sagona chilimira chake chili chong'ambika. Amachiyala pamchenga nasoka diso lililonse, podziwa kuti kabowo ka lero ndi njala ya mawa. Koma mwana wa msodzi yemweyo akagula njinga yamoto ya kabaza, mwambo umenewu amautaya.

Njinga zakale za alangizi, monga Yamaha AG200, zinkalimba chifukwa eni ake ankazisamala. Mchenga wa kunyanja ukamatirira pa tcheni umadya zitsulo ngati tupa; tcheniyo afunika kutsukidwa ndi palafini, kudzozedwa oyilo ndi kukungidwa. Fyuluta yodzaza fumbi imatsamwitsa injini, petulo n'kumatha msanga. Oyilo wokhalitsa amapha injini mwakachetechete. Zonsezi mwini angathe kukonza pakhonde ndi sipanala.

Anyamata amati kuimika njinga n'kutaya makasitomala. Bodza limenelo! Mabuleki akakana pamtsetse wa msewu wochokera ku Monkey Bay, wothyoka mwendo ndi mayi wonyamula usipa. Pamenepo asanamizire ufiti kapena fakitale ya ku China. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma wakabaza wosafunsa amadyetsa phulalo anthu osalakwa.